Mkamwini Amene Adamangira Mnzake Nyumba

Padangokhala! Amene tili tonse avomere.

Padangokhala kale lomwe, nyama zikadafunsirana mbeta ndi kumanga midzi monga tichitira ife, padali mudzi wina umene mwinimbumba wake adali Nungu. Nunguyo ankayang'anira ana aakazi awiri a mlongo wake, wamkulu Mwatitha, wamng'ono Siyeni. Mwatitha adakwatiwa ndi Njiri, chimwamuna champhamvu, cha mano ngati makasu. Siyeni adakwatiwa ndi Gologolo, kamwamuna kochepa, kamene chuma chake chonse chidali mchira. Amuna onse awiriwa adabwera chikamwini, kusiya kwawo kudzakhala kwa akazi awo.

Nyumba adalibe onse. Ankagona m'nyumba yakale ya malemu agogo a akazi awo, pakati atatchinga ndi mphasa, uku banja, uku banja. Njiri adakhalamo zaka ndithu. Osati kuti adali waulesi, ayi. Khasu ankaligwira kuposa aliyense, ndipo nkhokwe yake ya mawere inkadzaza chaka ndi chaka. Matenda ake adali diso. Akangoona mnzake ali ndi kanthu, chake chimene adali kuchikonda dzulo chinkasanduka chonyansa.

Chidani chake pa Gologolo chidayamba ndi kanthu kochititsa manyazi n'kukanena komwe. Tsiku lina pamowa Gologolo adanena nthabwala, Nungu n'kuseka mpaka minga yake kuchita wayawaya, kenaka n'kumupatsa chipanda asanapatse Njiri. Chipanda chimodzi chokha! Koma Njiri kuyambira tsiku limenelo adaleka kumupatsa moni mkamwini mnzake.

Chaka china, anthu atangomaliza kukolola, Nungu adawaitana onse awiri.

“Ana inu, nyumba ya amayi ija yatopa. Chiswe chadya, denga likudontha. Mvula isanagwe, aliyense akhale atamangira mkazi wake nyumba. Wopanda nyumba apinde mphasa yake azipita kwawo. Ine mawu sindibwereza.”

Njiri adadziguguda pachifuwa. “Apongozi, yanga alendo azidzailoza akadali kutsidya.”

“Tamva, apongozi,” adatero Gologolo, mchira uli pansi.

Kumanga nyumba masiku amenewo kunkayenda ndi dima. Ukafuna manja ambiri unkafulula mowa wa mawere n'kuitana amuna a m'mudzi, iwo n'kukugwirira ntchito tsiku lonse, madzulo n'kumwa. Wa mawere ambiri ankaitana dima kangapo. Siyeni adatulutsa mawere awo onse n'kuwaika patsogolo pa mwamuna wake. Adali lichero limodzi, losadzaza n'komwe. Ndipotu Siyeni adali ndi pakati.

“Amuna anga, mawere ndi omwewa. Mowa wake ndi wa tsiku limodzi. Nsichi, phaso, luzi, udzu, kukweza denga, kumata. Tiitanira chiti?”

Gologolo adakanda kumutu. “Luzi ndisenda ndekha, mano ndili nawo.”

“Kumata ndi kuzira ndichita ine, bola munditungire madzi.”

“Denga munthu sakweza yekha. Mawerewa ndi a tsiku lokweza denga. Uwabise, ngakhale ndidzakupemphe ndikulira usadzandipatse.”

“Nanga nsichi? Inu mtengo umodzi mudula mwezi wathunthu.”

“Nsichi adula akulu.”

“Akulu ati?”

“A kuseri kwa mphasawa.”

Siyeni adaomba m'manja. “Munthu wosakupatsani moni akudulireni nsichi?”

“Ndiye adula bwino ameneyo,” adatero Gologolo.

Njiri sadachedwe. Adauza Mwatitha kuti afulule, amuna adabwera ndi nkhwangwa, ndipo pofika madzulo padali mulu wa nsichi zoongoka, zolimba, za msinkhu woyenera nyumba ya banja. Njiri adakhala pambali pake n'kumasisita ndevu, mtima uli mbee.

M'mawa mwake kudatulukira Gologolo akukhwekhwereza nsungwi yaitali kwambiri, uku akuimba. Nyimboyo inkafunsa kuti mkamwini weniweni pamudzi ndi uti, wolowa m'nyumba mwake chowerama kapena wolowa ali chilili. Amayi amene ankasinja pamtondo adaikonda, n'kumavomereza ndi mawu amodzimodzi onena kuti zonse zidzaoneka mvula ikagwa. Atafika pa mulu wa Njiri, Gologolo adaimika nsungwi ija pambali pa nsichi imodzi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pansi, kenaka n'kuyamba kuchoka.

“Iwe! Nsungwiyo ndi yachiyani?” Aka kadali koyamba Njiri kumulankhula chichitikire za chipanda zija.

“Muyeso chabe, akulu.”

“Muyeso wa chiyani?”

“Wa chipupa changa. Siyeni sakonda kuwerama.” Adagogoda nsichi imodzi ndi chala. “Komatu nsichi zanuzi n'zabwino, akulu. Kwa munthu wosafuna zambiri n'zokwana ndithu.”

Tsiku limenelo Njiri adangokhalira kuyang'ana mulu wake uja. Madzulo adayamba kutola nsichi zija n'kumaziponya kuseri.

“Bambo, nsichizi zalakwa chiyani?” adafunsa Mwatitha.

“Zafupika.”

“Dzulo zinali zabwino. Zafupika usiku?”

“Kaviike chimera. Tidula zina.”

Patapita masiku, Gologolo adadutsanso. “Akulu, zinyalala zili kuseriku zikuipitsa pakhomo pa munthu wolemekezeka ngati inu. Mungabisale njoka mmenemu.”

“Zichotse! Ukasonkhere moto.”

“Zikomo, akulu. Amayi inu mwamva, andipatsa nkhuni.”

Amayi apamtondo adavomera kuti amva. Gologolo adazigubuduza imodziimodzi mpaka pamalo pake.

Dima lachiwiri lidabweretsa nsichi zazitali moti amuna ankabuula pozinyamula. Njiri adazizika mozungulira. Nyumba za nthawi imeneyo zidali zozungulira, ndipo denga ankalimangira pansi, likatha amuna n'kulinyamula kukalikhazika pamwamba pa chipupa. Mowa wina udafululidwa, phaso zidabwera, ndipo Njiri adamanga denga. Tisamunamizire, lusotu adali nalo. Denga lija lidali lomangika, mfundo zake zothina, loti mphepo ingalilephere.

Gologolo adadikira mwini wake atapita kumtsinje. Adatenga luzi n'kuyeza denga lija kuchokera mbali ina kufika mbali ina, n'kumanga mfundo pamene luzi lidalekeza. Kenaka adakazika nsichi zazifupi zija molingana ndi muyeso umenewo.

Njiri pobwera adaziona zitaima. “Si nkhuni ndidakupatsa zija izi?”

“Zomwezo, akulu. Ndaona kuti n'zabwino kusiyana ndi kuziotcha. Ndikumanga kakhitchini.”

“Kakhitchini kakakulu chonchi?”

“Siyeni ali ndi miphika yambiri. Nyumba yeniyeni ikhala apa.”

Atatero adakhoma chikhomo pansi, n'kumangirirapo luzi lalitali, n'kuyamba kuyenda mozungulira akulemba mzere ndi kamtengo, uku akuimba. Ulendo uno nyimbo inkafunsa za mkamwini amene akagona m'nyumba mwake miyendo imatulukira kunja, amayi n'kumavomereza zomwe zija za mvula. Mzerewo udazungulira patali mpaka amayiwo kusuntha mitondo kuti udutse.

“Mitengo ya chinyumba chimenechi ili kuti?” adafunsa Njiri.

“Ili m'nkhalango ikuuma, akulu. Sindionetsa zinthu zisanathe.”

Gologolo atachoka, Njiri adauyenda mzere uja. Adakayenda wake. Adabwereranso kwa Gologolo, n'kubwereranso kwake, thukuta lili kamukamu. Mtima udamuwawa ngati wina wamubera. Asanapume n'komwe adayamba kuzula nsichi zake.

Mwatitha adatuluka akuthamanga. “Bambo! Mwayambanso?”

“Yachepa.”

“Yachepera ndani? Tilipo awiri!”

“Mlamu wako akumanga yoti yathuyi ilowemo yonse n'kutsala malo ovinira. Ndizilowa bwanji ine m'kachisa aka iye akundiona?”

“Mawere afika pakati pa nkhokwe, mukudziwa?”

“Mawere ndimalima ndine. Kaviike chimera.”

Mwatitha adapita kukaviika, misozi ili m'maso. Nyumba yotakata idafuna nsichi zina zoonjezera, phaso zina zazitali, luzi lina, ndipo chilichonse mwa izi chinkadya mowa wake. Denga loyamba lija lidangotsala poteropo. Gologolo adalizungulira akupukusa mutu.

“Ntchito yonseyi, akulu, ingowola?”

“Kadengako? Katenge ukafunditse kakhitchini kakoko. N'koyenera miphika kameneko.”

“Amayi inu mwamva.”

“Tamva!”

Apa m'pamene Siyeni adatulutsa lichero lija. Adafulula mowa mtsuko umodzi, wokoma, wosasungunula ndi madzi. Amuna adabwera, adagwira denga mbali zonse, n'kulikhazika pamwamba pa nsichi. Lidakhala khathi, ngati lidamangidwira pomwepo. Ntchitoyo idatha dzuwa lisanatenthe, amunawo n'kumwa akuyamika kuti dima lopepuka chotero sadalionepo.

Anthu atabalalika, Siyeni adagwira lichero lopanda kanthu. “Mawere atha. Udzu tilibe. Wapafupi wonse adamweta ndi anthu a alamu, uli mitolomitolo pakhomo pawo. Ndipo achemwali andiuza kuti awachenjeza amuna awo za inu.”

Zidalidi choncho. Mwatitha adali atamukhazika pansi Njiri. “Kodi simukuona kuti kanyama aka kakukuseweretsani? Nsichi n'zanu, denga n'lanu. Kakangoimba inu mwataya chinthu.” Njiri adalumbira kuti ngakhale Gologolo aimbe mpaka mawu kusasa, iye sadzatayanso ngakhale kaluzi.

Ndiye Gologolo adasiya kuimba mawu. Ankangong'ung'udza nyimbo ija m'mphuno, amayi n'kumavomereza chapansipansi akuseka. Tsiku lina adadutsa pakhomo pa Njiri mofulumira, atafumbata kanthu kokulunga m'chiguduli, osayang'ana kumbali. Njiri adayang'ana kwina. Tsiku lotsatira adadutsanso, kanthu kaja kali m'khwapa, akuyenda monyang'ama. Njiri adakukuta mano. Munthu wa nsanje mutha kumuuza bodza n'kulikana, koma kumubisira chinthu ndiye kumuotcha. Tsiku lachitatu adamuponda mchira.

“Watenga chiyani?”

“Palibe, akulu.”

“Masula!”

“Ndi zaumphawi chabe, akulu, musavutike nazo.”

Njiri adalanda n'kumasula. Mudali masamba a mlaza, osalala, onyezimira.

“Mlaza? Ukuluka mkeka?”

Gologolo adayang'ana pansi. “Ndimafuna ndifolere nawo nyumba yaikulu ija. Udzu aliyense amafolera. Ndimati apongozi akadzabwera kudzaona, adzaime kaye pakhomo panga. Chonde musauze munthu.”

Njiri adaona mdima. M'maganizo mwake adaona Nungu ataima pakhomo pa Gologolo akugwedeza mutu moyamikira, mudzi wonse uli pambuyo pake, iye ali yekha pansi pa denga la udzu. Malumbiro aja adauluka.

“Wamng'ono afolere ndi mlaza, wamkulu ndi udzu? Mwambo wa kuti umenewo? Adayamba kulowa m'mudzi muno ndani?”

“Ndinu, akulu.”

“Ndiye mlaza ndi wanga. Iwe ufolera ndi udzu.”

“Udzu ndilibe. Mudamweta wonse.”

“Tenga wanga!”

Gologolo adadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira. “Mayo ine! Mukundipondereza chifukwa ndine wamng'ono! Udzu ine ayi! Sindinyamula!”

“Ukapanda kunyamula ndinyamula ndine, ndipo ufolera ndikuona!”

Ndipo adanyamuladi. Njiri, mkamwini wamkulu, adasenza mitolo yake yonse, ulendo ndi ulendo, kukaitula pakhomo pa Gologolo. Adaima pomwepo manja ali m'chiuno, n'kumalamula kuti ayambe ndi kakhitchini, wotsala asungire nyumba. Gologolo ali padenga ankafolera akusisima, Njiri pansi n'kumamuponyera mitolo, n'kumamukalipira kuti akhuthalitse, asachite zaulesi. Amayi apamtondo tsiku limenelo adalephera kusinja. Mwatitha yekha ndiye sadaseke, adangolowa m'nyumba n'kudzifunditsa nsalu kumutu.

Mlaza udali kutali, ulendo wogonera. Mwatitha adasesa pansi pa nkhokwe n'kufulula mowa wotsiriza, wamadzimadzi. Amuna adapita monyinyirika, n'kubwera ndi timitolo tosakwana ngakhale mbali imodzi ya chidenga chija. Uku kutentha kudafika poipa, mitambo idayamba kusonkhana, ndipo Siyeni adali atamata chipupa chake n'kuzira pansi.

Chidenga cha Njiri chidatha kumanga. Chidali chachikulu moti anthu a midzi ina ankapatuka kudzachiona chili pansi, zimene zinkamukoma Njiri kwambiri. Adaitana amuna kuti adzakweze. Adabwera, adachizungulira, adayang'ana kutalika kwa nsichi, kenaka wina adafunsa.

“Mowa uli kuti?”

“Mudzamwa ndikakolola.”

“Ndiye dengali tidzakweza mukakolola.”

“Mwandimwera mowa chilimwe chonse, anthu inu!”

“Tamwa, ndipo tagwira. Nsichi tadula katatu, phaso kawiri. Misana ndi yathu iyi, a Njiri.”

Adabalalika. Njiri adalowa yekha pansi pa chidenga chija, adagwada, adachikankha ndi msana mpaka maso kutong'oka. Phaso ziwiri zitatu zidathyoka, chidenga osasuntha.

Masana a tsiku lotsatira mvula idagwa. Nyumba yakale ija idadontha paliponse, mbali ina chipupa n'kugumuka. Mvula itakata, Nungu adatenga ndodo yake n'kuyamba kuyendera, mudzi wonse uli pambuyo, amayi akuimba zovomereza zawo zija mokweza, pakuti tsiku lake lidali litafika.

Adayamba kwa wamkulu. Adapeza nsichi zazitali zili njo, pamwamba pali pululu, chidenga chili m'matope. Mwatitha adali ataima pambali, nsalu itanyowa, miphika ili pamutu. Nungu adangopitirira.

Adapita kwa wamng'ono. Utsi unkatuluka padenga. Nungu adagwedeza nsichi, adalowa, adayang'ana kumwamba, adapapasa pansi. Padali pouma. Siyeni adali atakhala pamphasa akusenda maungu.

“Iyi ndiye nyumba,” adatero Nungu.

“Si nyumba imeneyo, apongozi!” adakuwa Njiri. “Ndi khitchini! Adanena yekha! Nyumba yake ndi mzere uli apowo, ndipo mvula yaufufuta. Nayenso alibe nyumba. Ngati n'kupita, tipite tonse!”

Nungu adatembenukira kwa Gologolo. “Ndi khitchini?”

“Timaphikamo, apongozi. Tikatha kudya timagonamo. Mwana akabadwa adzabadwira momwemo. Dzina mutchule ndinu.”

“Nanga chinyumba chachikulu chija?”

“Ndidaona kuti mawere anga sangachikwanitse, ndiye ndidachisiya.”

Anthu adaseka. Njiri adathamangira pachipupa n'kuyamba kuloza. “Nsichi izi n'zanga! Denga ili ndidamanga ndine, mfundo zanga ndi izi! Udzu uwu ndidasenza pamsana panga! Nyumba yonseyi ndi yanga, kandibera kanyama aka!”

“Adakubera?” adafunsa Nungu. “Amayi inu, mudaliko?”

“Tidaliko. Nsichi adati akasonkhere moto. Denga adati n'loyenera miphika. Udzu adachita kumukakamiza, mwana wa eni akulira.”

“Ndiye palibe wakuba pano. Pali munthu amene adamanga nyumba yabwino n'kuitaya zidutswazidutswa, wina n'kumatola. Njiri, mawu anga udawamva. Pinda mphasa.”

Apa Mwatitha adatula miphika n'kugwada m'matope momwemo. Mwamuna wakeyo adali wovuta, koma ankamukonda, ndipo adali asadamugonekepo ndi njala.

“Atsibweni, ndapota nanu. Iyi ndi mvula yongozimitsa lupsa, yodzalira sinabwere. Apatseni masiku ochepa. Mitengo ilipo, ingofunika kuidula ifupike. Musandichotsere banja chifukwa cha denga.”

Nungu adatsamira ndodo yake. Adayang'ana mwana wa mlongo wake ali m'matope, minga yake n'kugona.

“Mawu sindibwereza, koma mwana uyu wandigwira mwendo. Mvula yodzalira isanagwe, pakhale nyumba. Ya mtundu uliwonse, bola mkazi agone pouma.”

Gologolo naye chikumbumtima chidamugunda poona mlamu wake akulira, pakuti iye ankafuna nyumba, osati kupasula banja la mwini. Adasendera pafupi.

“Akulu, udzu wanu uja udatsalako. Luzi ndili nalo lambiri. Tidule nsichi zanuzo pakati, phaso tichotse pa chidengacho. Denga laling'ono sililira mowa, tikweza apabanja tokha. Siyeni ndi alamu amata. Masiku owerengeka mwalowa.”

Anthu adavomereza kuti mawu ndi amenewo. Mwatitha adadzuka, nkhope itayamba kuwala. Onse adayang'ana Njiri.

“Ikhala yaikulu bwanji?” adafunsa Njiri.

“Monga yathuyi.”

“Ndendende?”

Gologolo adayang'ana mulu wa udzu wotsala uja. “Udzuwu ndi wochepa. Mwina icheperako pang'ono.”

“Icheperako.”

“Chikhatho chimodzi chabe, akulu. Palibe angaone.”

“Ndiona ine.”

Mwatitha adamugwira dzanja. “Bambo, ine sindigona ndi muyeso. Ndikufuna pouma, ndi inu. Ichepe chikhatho, ichepe mkono, ndilowamo ndikuvina. Vomerani.”

Njiri adayang'ana mkazi wake. Adayang'ana nyumba ya Gologolo, ndipo adaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene adayang'anira mkaziyo. Kenaka adachotsa dzanja lake, adalowa m'nyumba yogumuka ija, n'kutuluka mphasa ili m'khwapa.

“Ine kukhala m'nyumba yochepa kuposa ya kanthu aka? Bola kuthengo.”

Ndipo adapita, Mwatitha akumuitana mpaka mawu kutha. Ine pofika apa nthano iyi imandipsetsa mtima, chifukwa munthuyo palibe adamupirikitsa. Adachita kudzichotsa yekha, mudzi wonse ukumugwira.

Kwawo sadafike, manyazi adamukaniza. Adangopita kuseri kwa minda n'kupeza una umene idakumba nyama ina n'kuusiya, n'kulowamo. Uko anthu adamumangira Mwatitha kanyumba kaja ndi udzu wotsala, kabwino, kosadontha. Siyeni adabereka mwana m'nyumba mwake.

Mwatitha adapirira mvula yonse akuyembekeza. Chimanga chitacha, adaphika chakudya, adasenza, n'kulondola mapazi mpaka pa una uja. Adapeza mwamuna wake ataonda, thupi lili mkati, mutu uli kunja, maso ali kumudzi.

“Bambo, ndabwera. Nyumba ilipo, sidontha. Atsibweni akuti mukabwera sanena kanthu. Tiyeni kwathu.”

Njiri sadayang'ane chakudya, sadafunse ngati mkazi wake ali bwino. Adangotukula mphuno kuloza kumudzi.

“Mitengo ndikuiona pakhomo pa Gologoloyo, ndi nsanamira? Akuika khonde?”

Mwatitha adatula mbale pansi, adapukuta manja pa nsalu, n'kubwerera kumudzi. Sadapitekonso.

Mpaka lero Njiri sakumba nyumba yakeyake, amagona m'mauna osiyidwa ndi ena. Ndipo mukadzamuona akulowa, mudzaonetsetse. Salowa ndi mutu ngati nyama zinzake. Amalowa chambuyo, matako patsogolo, maso ali kunja, kuopa kuti wina angamange kanthu iye osaona.

Yanga yathera pamenepa, amene mudali nane mwaimva.